Madzi a Sopo m'Mabuleki

Ntchito yanga yoyamba yoyendetsa lole anandipezera ndi a Mbewe, mkulu wa mpingo kwathu ku Mvera. Iwo anali dalaivala wokhalitsa pa kakampani kena ka ku Mponela, konyamula fodya wa alimi kupita naye ku okushoni ku Kanengo. Ine sukulu ndinalekezera ku pulaimale, koma laisensi ndinali nayo. Bambo a mwana wanga anandiphunzitsa chiwongolero asanapite ku Joni, kumene anangokakhala zii. Mwanayo, Tadala, anali akuyamwa, ndipo ndinalibe womusiyira.

"Mwanayo si nkhani yanga," anatero a Chisale, kalaliki wotumiza malole. "Bola mabelo afike."

A Chisale ndinawaona maso ndi maso tsiku lomwelo basi. Kuchokera pamenepo anasanduka mawu a pa foni. Ndiwo ankanena mudzi wokanyamula ndi tsiku lokalowa pa geti la ku okushoni. Ukachedwa pamzere, mlandu ndi wako. Tayala likaphulika, wakonso.

Anandipatsa lole yokalamba ya matani seveni. M'mawa uliwonse ndinkaona oyilo, madzi a mu rediyeta ndi mafuta a mabuleki m'kabotolo kake, kenako n'kugogoda matayala ndi sipanala kuti ndimve ngati ali ndi mpweya. Zingwe, tenti ndi jeke zinkakhala kumbuyo, pamodzi ndi miyala iwiri yotsekera matayala poima pa chitunda. Tadala ankagona m'beseni loyalamo zitenje, lomangirira kumpando.

Mafuta a mabuleki aja ankatsika tsiku ndi tsiku. Nditanena, a Chisale anati paipi idzakonzedwa sizoni ikatha. A Mbewe ndiwo anandiuza zimene madalaivala ankachita mafuta akatha: kusungunula sopo m'madzi n'kuthira m'kabotolo muja.

"Tonse timatero, mwana wanga," anatero. "Amagwira. Koma akatentha pa chitunda chachitali, phazi limangolowa ngati waponda nthochi yakupsa."

Tsiku limene sindiliiwala ndinali m'mapiri a ku Ntchisi, nthawi yozizira, nkhungu itakana kuchoka m'zigwa. Titapakira mabelo a kalabu imodzi ya alimi, a Chisale anaimba kuti ndiwonjezerepo a kalabu ina, chifukwa lole yawo sinabwere. Katundu anafika pamwamba kuposa kale lonse. Eni ake anakwera pamwamba pa tenti, amuna ndi amayi omwe. Mlimi salola belo lake kuyenda lokha. Limenelo ndi thukuta la chaka chonse, ndipo za mabelo osinthidwa panjira aliyense anazimvapo.

Kutsogolo kwathu kunali chitunda chachitali cha msewu wafumbi, chokhala ndi kona yakuthwa ndi kamlatho kopapatiza kumunsi. Ndisanayambe kutsika ndinayesa buleki. Phazi linapita pafupifupi mpaka pansi. Ndinapopa, ndinapopanso, lole n'kuima mwaulesi. Ndinakoka handibuleki, kuisiya m'giya yoyamba, n'kutsekera miyala. Nditasuzumira kunsi ndinaona tayala lakumbuyo litanyowa mkati, madontho akugwera m'fumbi. Kabotolo kanali kouma gwa.

Ndinaimbira a Chisale.

"Mabuleki atha, bwana. Ndili pamwamba pa chitunda, ndi anthu."

"Sopo kumeneko kulibe?"

"Alipo, koma katunduyu wachuluka."

"Mayi, mabelo amenewo tsiku lawo ndi mawa. Likadutsa, alimiwo muwafotokozere nokha kuti adikira mpaka liti. Amuna amatsika pamenepo tsiku lililonse."

Alimi aja anamva zonse, poti foni yanga inali yaphokoso. Anandizinga. Mmodzi anati ana ake abwezedwa ku sukulu. Wina anangolankhulira kumbali kuti akanawatumizira mwamuna bwenzi ali ku Mponela kale. Sanali anthu oipa. Fodya akakhalitsa amapepuka, amasintha mtundu, ndipo iwo ankadziwa.

Ndinagonja. Wina anathamangira ku mjigo, ine n'kupala sopo wochapira matewera a Tadala, kusungunula, kuthira. Ndinapopa mpaka buleki inalimbako. Koma ndinati aliyense atsike, akandipeze kumlatho wapansi. Anadandaula, koma anatsika.

Kenako ndinamasula Tadala m'beseni n'kumupereka kwa mayi wina wachikulire, a Nangozo, amene anali atamunyamulapo popakira. Ndinawabereketsa bwinobwino, n'kumanga chitenje ndekha.

"Amayi anga amakhala ku Mvera, kuseri kwa tchalitchi," ndinayamba. "Mukafunse kwa Nabanda wogulitsa mandasi. Mwanayu phala amadya, koma lisakhale lotentha. Akamalira usiku..."

A Nangozo anandigwira dzanja.

"Iii, mwana wanga. Ukupita kumlatho, kapena ukutsanzika?"

Ndinaima. Ndinali ndisanadzimve ndekha zimene ndinkalankhula. Tadala anali kundiyang'ana kumsana kwa mlendo, chala chili m'kamwa. Ndinayang'ana kumunsi kuja, kona sikuoneka ndi nkhungu. Ndinakwera m'lole, kuzula kiyi, n'kutsika.

"Sinditsika nayo, bwana," ndinawauza a Chisale pa foni.

"Ndiye kiyiyo mupatse amene akubwera. Ntchito yatha."

Amene anabwera masana, pa njinga yamoto ya kabaza, anali a Mbewe. Sanandikalipire. Anasuzumira kunsi, anawonjezera madzi a sopo, anavula chipewa n'kupemphera mwachidule. Alimi anafuna kukweranso, iwo anakana. "Mtsikanayu wachita bwino kukutsitsani," anatero. Anachotsa miyala n'kuyamba kutsika m'giya yoyamba, injini ikulira ngati ng'ombe yophedwa. Fungo lopserera linatifika pamwamba pomwe. Lole inalowa m'nkhungu, tinangotsala ndi phokoso. Kenako tinamva hutala kumlatho.

Anafika. Amayi anaimba nthungululu, amuna n'kumandiseka akuthamangira kumunsi. Ine ndinatenga mwana ndi beseni langa n'kukwera kabaza uja. Njira yonse ndinkadziona wopusa.

Sizoni isanathe, lole yomweyo inagwera kuphompho pa zitunda za ku Chezi. Paipi ija inali isanakonzedwe. Alimi onse anapulumuka, chifukwa a Mbewe anali atawatsitsa kuti ayende wapansi. M'lole anali okha. Ku ofesi ananena kuti dalaivala anali ataledzera, munthu amene mowa sanaulawepo chibadwire. Pa maliro a Chisale sanabwere. Anaimba foni.

Lero ndimayendetsa lole ya chimanga ya munthu wina, ndipo Tadala anayamba sukulu. Mafoni amalirabe, mawu ake ndi omwe aja: fulumirani, anzanu amadutsa. Ndimayankha mwaulemu, chifukwa ntchito ndikuifuna. Koma wa pa foni ali pampando wosayenda. Ndikafika pamwamba pa chitunda ndimaima, n'kudzifunsa ngati ndingatsike mwana wanga ali m'beseni pambali panga. Yankho likakhala ayi, ndimazula kiyi.