Nsomba ya ku Beira yopanda mchere

Benedicto Chikhosi anali telala wa pakhonde la sitolo ya Arvind, kufupi ndi msika wa Lilongwe. Anasoka zaka makumi atatu, koma lero palibe amene amamutchula. Tauni ino imakumbukira mbava, osati munthu amene anaiveka. Ine Kenani, amene ndinali kalaliki pa boma, ndimamukumbukira.

Bambo ake anachona ku Beira iye ali khanda. Anatumiza kalata imodzi yokha, imene Benedicto ankaisunga m'kabati ka makina pamodzi ndi singano. Munali mawu akuti kumeneko madzi alibe tsidya, ndipo nsomba zake zimavuulidwa zili kale ndi mchere. Dzuwa likafika pamutu, phazi la Benedicto linkaima pa chopondera cha makinawo, maso ali kutali. Ankati msewu ukamanyezimira ndi kutentha amaona madzi amenewo akubwera pang'onopang'ono mpaka pamlatho wa mtsinje wa Lilongwe. Ankafuna kudziwa chinthu chimodzi: kodi bambo ake analemba zoona, kapena anali wabodza monga amalume ake ankanenera?

Mu 1958 Mgoa wina, mmwenye, anatsegula kanyumba kodyera pafupi ndi mlathowo. Nsomba ankaitanitsa ku Beira. Zinkabwera pa sitima mpaka ku Salima m'mabokosi a ayezi ndi utuchi, kenaka pa lole. Azungu ankadyera m'kati. Ife ankatikhazika kukhonde la kuseri, pambali pa nkhuni. Ndiwo unali ubale wa mitundu umene Chitaganya chinkatilalikira.

Lachinayi lina Benedicto anapita kwa khukhi wa pamenepo, a Bwanali.

"Mawa masana ndikufuna nsomba imodzi, yaing'ono. Koma musathire mchere, ngakhale pang'ono."

A Bwanali anagwedeza mutu mwachifundo. "Ndamva, achimwene. Musadandaule."

Mawa lake tinapita awiri, Benedicto atavala jekete lake la kutchalitchi. Nsomba inabwera yoyera, ili ndi kampunga pambali. Anabenthula kachidutswa, natafuna nthawi yaitali atatsinzina.

"A Kenani, talawani."

Ndinalawa. Zinali ngati kutafuna thonje.

Posakhalitsa a Bwanali anatulukira akupukuta m'manja, akumwetulira. "Mwaona ntchito yanga? Ndaiviika kuyambira m'mawa, madzi ndasintha kanayi. Za mdulo ndimazidziwa ine, sindingadwalitse mwana wa mnzanga. Nanga mayi achira liti? Ndi wamwamuna?"

"Mwana wake uti, inu?" ndinatero. "Womaliza wa munthuyu ali kusukulu!"

"Aa! Nanga munthu angasale mchere popanda chifukwa? Ine ndimayesa kunyumba kuli chikuta."

"Mukanafunsa! Pakamwa muli napo!"

"Zoterezi amafunsa? Inu sukulu inakuonongani, akalaliki."

Benedicto sanalowerere mkanganowo. Panalibenso nsomba ina, ndipo lole inkabwera kamodzi pa mwezi. Anaimirira, napita pamene panali bokosi lobweretsera nsombazo, lotsamira pa nkhuni. Pansi pake panatsalira utuchi wonyowa. Anagwada ndi jekete lakelo, nasunsa chala, nachiika palilime. Anakhala choncho osasuntha, ngati akumvetsera mawu ochokera kutali.

"Mchere, a Kenani," anatero motsitsa. "Mchere weniweni. Bambo sananame."

Ine ndinkadziwa kuti olongedza nsomba amawaza mchere pa ayezi. Ndinali nditawerenga zimenezi m'mabuku. Pa moyo wanga ndadzudzula aphunzitsi, ansembe ndi mabwana, koma tsiku limenelo ndinatseka pakamwa.

Anabwerera kukhonde lake, natulutsa kalata ija m'kabati, naipindanso bwinobwino, nayamba kupalasa makina akung'ung'udza nyimbo. Sanapitenso kwa Mgoa uja, ndipo anamwalira asanaione nyanjayo. Pamalo pamene panali kanyumbako pano amamatapo matayala.

A Bwanali anamwaliranso kalekale. Ana awo amandipatsa moni mumsika, ndipo ndimayankha. Koma za madzi anasintha kanayi aja sindinawakhululukirebe.