Tsiku Limene Mkamwini Anabereka Apongozi

Amuna anga akhala pachikamwini kwathu ku Liwaladzi mpaka imvi, koma amayi anga sanawayang'anepo m'maso. Akakumana panjira, wina ankapatukira m'chinangwa. Ngakhale pamene amayi anafa miyendo, amuna anga moni ankaperekera kuseri kwa chitseko.

Chaka china nthaka inayamba kunjenjemera pafupipafupi, ndipo kunabwera mlangizi wochokera kuboma kudzatiphunzitsa za chivomezi. Anati nthaka ikagwedezeka tizilowa kunsi kwa tebulo. Ine pakamwa panga sipachedwa kuyabwa.

"Bambo, tebulo lake liti? Kunotu tili ndi thandala loyanikapo usipa basi."

Anthu anaseka, iyenso anaseka.

"Mawuwa achokera kulikulu, mayi, ine ndangowanyamula," anatero. "Mudzi ndi wanu. Panganani zimene mungathe, ife tidzamva kwa inu."

Ndinamukonda chifukwa cha yankho limenelo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno; a kulikulu akadzamva za ife, maliro adzakhala ataikidwa kale. Tinapangana kuti nthaka ikagwedezeka tizithamangira kumtunda, pabwalo la sukulu, kutali ndi makoma komanso nyanja, poti nayonso akuti imatha kulumpha malire. Aliyense wosatha kuyenda tinamupezera womunyamula.

Vuto linali amayi. Ine ndimaswera kunyanja, ndipo msana unandikana kalekale. Alongo anga amadula nzimbe ku Dwangwa. Wamphamvu amene amaswera pakhomo, akusoka maukonde, anali mkamwini yekha. Nditawauza amayi, anayankha mosazengereza.

"Kuli bwino khoma lindigwere."

Amuna anga anangoti zyoli. Ndinachita mantha, pakuti onse awiri ndimawadziwa: ndi anthu oti atha kufa ndi ulemu.

Chivomezi chachikulu chinabwera masana, ndikutembenuza usipa. Thandala linavina, madzi a m'beseni anakhavukira pansi, agalu akuuwa mudzi wonse. Ndinathamanga kulunjika kunyumba.

Ndinawapeza panjira ya kusukulu. Amuna anga anali atabereka amayi ndi chitenje changa ngati khanda, akukwera chitunda mwawefuwefu. Wobereka ankayang'ana kudzanja lamanja, woberekedwa kumanzere. Ndinkafuna kuseka, koma inatuluka ndi misozi. Tinadzaona pambuyo pake kuti njerwa za pamwamba pa khoma zinali zitagwera pamphasa pomwe amayi ankagona.

Titafika pabwalo, anawatsitsa bwinobwino pamthunzi, nabwerera chafutambuyo mpaka kuseri kwa mtengo wa mango. Ali komweko ananjuta, naomba m'manja.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Ndaswera bwino, kaya inu, bambo?" anayankha amayi, nkhope italoza kwina.

Anakonza duku lawo. Kenaka anandikodola, nandinong'oneza mokweza kuti wa kuseri kwa mtengo amve.

"Ukawauze kuti ulendo wina adzamangitse chitenjecho. Ndinatsala pang'ono kugwa."