Mango Amene Ndinadulira Mphepo

Nchito yanga yoyamba ya malipiro inandipeza nditamera kale imvi, ku munda kwathu kupitirira Nakatindi. Ndikupalira mbatata, galimoto yoyera vuu! Kutsika bambo wamtali wa chipewa cholimba, ba Mwiinga. "Bamayo, munda uyu ni wanu? Tifuna kupima mphepo." Ine kuseka! Mphepo ikhala pa sikelo ngati kapenta wa ku msika wa Maramba?

Anaimika chinsanja chachitsulo, chowonda, chachitali mpaka khosi kuwawa, chokokedwa ndi mawaya mbali zonse. Pamwamba tumakapu tozungulira ndi kamuvi kolozera kochokera mphepo. Pansi bokosi lokhoma ndi kasola kake kotapa mphamvu ya dzuwa. Nchito imene anandilemba inali kupukuta kasolako ndi nsalu yonyowa, kutchetcha udzu ndi silasha kuti moto wolusa usafike, ndi kuthamangitsa ng'ombe zisakandire msana pa mawaya.

Tsiku loyamba ndinabwera ndi foni kuti nditchaje. Ba Mwiinga: "Awe bamayo, ichi sichipanga malaiti, chimvera mphepo chabe. Mphepo ikapasa mayeso tizaimika vimafani vikulu va mapiko atatu. Mphepo ikankha mapiko, mapiko azungulutsa jenereta pamwamba, moto utsika mu kebulo kuyenda ku sabusiteshoni, uko ulowa mu malaini ya dziko lonse. Tizalemba anyamata ambiri. Koma ifunika mphepo ya chaka chonse, pamalo posatsekedwa na mitengo."

Ine ndinagwira mawu awiri: anyamata, mitengo.

Mwana wanga wotsala mmodzi, Mabvuto, anaphunzira za magetsi, koma malaiti kuzimazima shopu yowotcherera zitsulo imene ankagwirako nchito inatsekedwa. Chikwama cha ku Joni anali atalongedza kale. "Amama, muno mulibe changa." Ine: "Masula chikwamacho, iwe! Vimafani vibwera pa munda wa atate wako!" Anamasula. Chifukwa cha pakamwa pangapa, anamasula.

Mu Ogasiti tumakapu tinkathamanga, fyuu fyuu, ine kuvina pansi pake. Mvula itabwera tumakaputo tinayamba kuzungulira ngati nkhalamba yochokera ku maliro. Ndinayang'ana kum'mawa, kochokera mphepo. Kumeneko kunali mango a malemu amuna anga ba Phiri, amene anabzala chaka chomwe anasiya nchito ya njanji. Pansi pake ndi pomwe ankakhala ndi wailesi yawo n'kumanditchula kuti Sipika, poti pakamwa panga sipatseka. Ndinauloza mtengowo ndi silasha: "Ndiwe! Ndiwe ukudya mphepo ya mwana wanga!"

Sindinafunse munthu. Ndinabwereka nkhwangwa. Go! Go! Manja matuza okhaokha. Mtengo unagwa uli ndi zipatso zakupsa, mango kumwazika mpaka mu mizere ya mbatata. Ndinalira, koma ndinati, ba Phiri mundimvetse, n'za Mabvuto.

Patapita masiku ba Mwiinga anabwera ndi kompyuta, kuilumikiza ku bokosi, kuwerenga manambala a mphepo. Kenako anaona chitsa.

"Mango yaenda kuti?"

"Ndachotsa, bwana, mphepo idutse bwino!"

Anavula chipewa. Bambo wamkulu uja mawu kuchepa. "Bamayo, tumakapu tuli kumwamba maningi. Mtengo uja sunali kufika na pa bondo pa nsanja. Sembe munanifunsa."

Ndinati, nanga mphepo yapasa?

"Siinapase. Yanu ni ya Ogasiti chabe. Malaini safuna moto wa mwezi umodzi. Tiyenda kukapima kumtunda."

Ine, Sipika, ndinakakhala pa chitsa.

Anamasula mawaya, nsanja kuigoneka pansi zidutswazidutswa, tumakapu mu katoni. Sabata yomweyo Mabvuto analongedzanso chikwama. Pa basi sanandinene kanthu, anangoti, "Amama, muzivala chipewa ku munda, mthunzi kulibe manje." Bola akanandikalipira.

Atsikana akalowa nchito ku malodji ndimawauza kuti, pa nchito ya eni ukamva theka, funsa theka linalo usanagwire nkhwangwa. Ine ndimapumira pa chitsa, dzuwa pamutu. Ogasiti akafika mphepo imabwera ndi matama, kundilanda duku, kulikoleka pa minga. Ndimaikalipira mpaka a minda ina kuweramuka: "Wabwera kudzatani manje? Amene ankakudikira anapita!"