Tsache la Winfrida pa Hyde Park Corner

Winfrida wa ku Barking ndi mayi wodana ndi uve. Mukapita kukamuchezera muzikweza miyendo msanga, apo ayi tsache likupezani. Wakhala akusamalira okalamba ku London kuno kwa zaka khumi ndi zinayi, koma za kwawo ku Lizulu sakonda kuzikamba. Ine ndinazimva mochita kumukakamiza.

Nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, banja lawo linkalima kutsidya kwa malire. Tsiku lina bomba la mzinga linagwera m'munda n'kupha mlongo wake Paterson. Mayi awo anangomufunditsa chitenje, mapazi ali pamtunda, onse n'kuthawa. Atabwerera sanapezepo kanthu. Paterson alibe manda, ndipo chaka chilichonse abale akamakalambula kumanda, Winfrida mtima umamuwawa chifukwa alibe pokamulirira.

Chaka chatha anamupatsa nkhalamba ina yoti aziisamalira, a Bruce, amene paunyamata wawo anali msilikali woomba mizinga. Winfrida atamva zimenezi anangotsala pang'ono kuisiya ntchitoyo. Mu Novembala a Bruce anapempha kuti awakankhe panjinga yawo ya olumala mpaka ku Hyde Park Corner, kuchipilala chokumbukira asilikali a mizinga. Pamwamba pake pali mzinga wamwala, koma Winfrida sanauyang'ane n'komwe. Maso ake anagwera pa msilikali wachitsulo wogona chagada chakumbali, atamufunditsa jasi, nsapato zili pamtunda.

Sabata yotsatira anawabweretsanso a Bruce, iye tsache lili m'chikwama. Anagwada n'kuyamba kusesa masamba mozungulira msilikali uja, odutsa akumucheukira.

"Ukutani?" a Bruce anafunsa m'Chingerezi.

"Manda sawasiya chonchi, bambo. Abale ake a munthuyu ali kuti?"

"Awa si manda, Winfrida. Mulibe munthu m'menemo. Onse anatsalira kutali, ena sanapezeke n'komwe."

Winfrida anaimirira, tsache lili m'manja. Mwina mukuganiza kuti anachita manyazi, koma mayiyu simukumudziwa.

"Ndiye kuti malo alipo," anatero.

Anagwadanso, nagwira nsapato yozizira ya msilikaliyo, n'kuitana dzina la Paterson mokweza, koyamba patapita zaka pafupifupi makumi anayi. A Bruce, amene amadziwa bwino zimene mzinga umamuchita munthu, anavula chipewa, osafunsa kuti Paterson ndi ndani.