Mphero ya pa denga la a Yusufu

Lachiwiri lapitali ndinaona munthu wamkulu, wa ndevu zoyera mbuu, akulephera kupeza sitolo imene wakhala akugulitsamo moyo wake wonse. Musaganize za mowa, a Yusufu sakhudza n'komwe. Maso awonso ndi abwinobwino, amalowetsa okha ulusi pa singano. Sitoloyo ankaifuna pa kanema.

Ndiyambe poyambira. Pa kamsika kathu, mbali ya ku Santhe kuno, pali mzere wa masitolo akale, aja a khonde lalikulu la zipilala za njerwa pomwe atelala ankakhala ndi makina awo. Imene yatsala yolimba ndi ya a Yusufu, yomwe bambo awo anamanga. Ana awo agwirizana zoigwetsa mwezi ukubwerawu kuti amangepo ina ya magalasi. Mkuluyo anavomera, koma anapempha chinthu chimodzi: aijambule kaye, kuti zidzukulu zawo zobadwira ku Joni zidzaone pomwe banja lawo linayambira.

Apa ndiye panalowa alamu anga a Mwale, amuna a mchemwali wanga, amene amajambula maukwati. Chaka chino fodya wawayanja, agula droni, kandege kaja kouluka popanda munthu mkati, kokhala ndi kamera kumimba. Chigulireni kandegeko, munthuyu sayendanso ngati ife. Ukamalankhula naye, maso ake amakhala ali kumitambo.

Itamveka mbiri yoti kubwera wojambula, kamsika konse kanachita zomwe ife timachita tikamva za alendo. Tinasesa. Tinapaka laimu makoma akutsogolo. A Yusufu anavala mkanjo wawo wa Lachisanu ngakhale linali Lolemba, n'kukhala pakhonde chowongoka ngati munthu wojambulitsa chithunzi cha pa chitupa. Wokonza njinga naye anachotsa matayala ake onse akutha kuti asaoneke.

Mukudziwa komwe anawabisa? Anawaponya pa denga.

Alamu anafika dzuwa lili paliwombo. Anatsegula kachikwama, kandege kanalira ngati njuchi zosamuka, kanakwera, kanakwerabe, mpaka kanatsala kadontho. Nkhuku zinathawira pansi pa ngolo poyesa kabawi. Ife tonse makosi khoti, pakamwa yasa.

Tili choncho, mayi Nabanda ogulitsa zitumbuwa anatulukira chitenje atamanga m'chiuno.

"Inu a Mwale! Kanthu kanuko kakudutsa pamwamba pa bafa langa. Munamva kuti bafa langa lili ndi denga?"

"Musadandaule mayi, kali patali kwambiri. Sikakuona kanthu."

"Ngati sikakuona kanthu, ndiye mukukaulutsiranji?"

Tinaseka mpaka kugwira m'mimba, alamu n'kukhala ngati sanamve. Koma mayi aja anafunsa funso la sabata yonse.

Mawa lake, Lachiwiri lija, tinasonkhana pakhonde kuonera kanemayo pa laputopu. Ndisaname, inali yokongola. Chigwa chathu chonse chili yalaa mpaka kumene maso alekezera, minda ya fodya yokolola kale, zigafa apa ndi apo, msewu wofiira ukupita ngati chingwe. Ine amene ndabadwira konkuno sindinkadziwa kuti kwathu n'kotakasuka chonchi. Koma kamsika kathu kankangooneka ngati mabokosi a machesi amene wina wagwetsa. Laimu uja sanaoneke. Mkanjo uja sunaoneke.

A Yusufu anayandikitsa nkhope. "Zokongola, a Mwale. Koma sitolo yanga ndi iti?"

Alamu analoza ndi chala penapake pakati pa madenga a dzimbiri.

"Iyo? Ndiye mwati nditumize ku Joni, ndiwauze ana kuti agogo anu anachokera pa kachitsotso aka?"

Ananena moseka, ifenso tinaseka nawo. Koma ndinaona mmene anabwerera pa mpando wawo, ndipo mtima unandipweteka. Munthu wapempha chinthu chimodzi chokha nyumba yake isanagwe, ife tamupatsa boma lonse la Kasungu, kupatula nyumbayo.

Inu owerenga, makanema a mtundu umenewu mwawaona m'mafoni anu. Wina akapeza droni n'kupita ku tauni yakale, amachita chomwecho basi: kukwera mpaka mapeto, kuzungulira katatu, kuikamo nyimbo, kwatha. Bisani dzina la malowo muone ngati mungalote. Dzimbiri la kwathu ndi la kwanu silisiyana.

Kodi ndani mwa ife amadziwa kwawo kuchokera kumwamba? Malo timawadziwa ndi mapazi. Timawadziwa pa msinkhu wa munthu wokwera njinga: mtengo wa mango pokhotera, chitseko cholira, sitepe yodyeka pakati chifukwa cha zidendene za anthu amene ena tinawaika kale m'manda. Amene anamanga masitolo amenewa sankamangira akhwangwala kuti aziwasirira.

Sindikudana nako kandegeko, ayi. Alamu angamve kuti ndi nsanje, poti ine ngakhale wailesi yanga imandivuta. Ndikungoti kukwera pamwamba si kudziwa malo. Amene ali ndi mabatani m'manja amadziwa kuulutsa, koma wodziwa choyenera kuona ndi uja wakhala pakhonde, ndipo nthawi zambiri palibe amamufunsa.

Ndinawauza alamu zimenezi tikubwerera. Ananyinyirika njira yonse, akuti munthu wosadziwa kujambula ngakhale ndi foni asamaphunzitse akatswiri. Koma mchemwali wanga atamva nkhaniyo anangowayang'ana kamodzi, ndipo Lachitatu alamu anali kale pa kamsika, khomo ndi khomo, kupempha chilolezo ndi kutchula nthawi. Mayi Nabanda anati palibe vuto, asamba isanakwane sikisi, koma zitumbuwa zawo zionekemo.

Lachinayi tinayamba m'mamawa, mwera usanadzuke, mithunzi ikadali yaitali. Ulendo uno a Yusufu sanakhale pampando kudikira kujambulidwa. Anaima pambali pa alamu, maso pa kagalasi kamene kamaonetsa zomwe kandege kakuona, n'kumalamula ngati kapitawo.

"Yambirani pa mango paja. Ngolo za fodya zinkaima pamenepo, ng'ombe zipume. Tsitsani. Tsitsaninso, mukuopa chiyani? Bwerani ndi msewu tsopano, ngati munthu amene akudzagula mchere."

Kandege kanabwera chapansipansi, kudutsa njinga zonyamula matumba a chimanga, kudutsa utsi wa zitumbuwa, mpaka kanaima kutsogolo kwa khonde. Zipilala zinaoneka, sitepe yodyeka ija inaoneka, ngakhale mphete yachitsulo pomwe bambo awo ankamangirira sikelo. Kenaka alamu anakakweza pang'onopang'ono, kupyola kakhoma kakutsogolo kaja kamene kamabisa denga kwa munthu woima pamsewu.

Choyamba kuoneka anali matayala a wokonza njinga pa denga loyandikana nalo, ndipo mwini wake anazemba mwakachetechete. Tikuseka zimenezo, a Yusufu anagwira mkono wa alamu.

"Imani pomwepo."

Pakona ya denga lawo panali mwala waukulu, wosalala, wolowa pakati ngati mbale.

"Mphero ya amayi iyo," anatero, mawu atatsika. "Inabwera mphepo tsiku lina masana, lata linayamba kunyamuka. Bambo anangotola chimene chinali pafupi, anakwera nacho mothandizana ndi munthu wina. Amayi analongolola zaka ndi zaka, ati ndiperera pati mapira, bambo n'kumangoti nditsitsa mawa. Onse anapita, mawa lake silinafike. Ine ndinaiwala kalekale."

Palibe anaseka. Mkuluyo anavula kofia, anapukuta nayo m'maso, anaivalanso. Ine ndinayang'ana kumbali, poti nanenso m'maso munali mutayamba kundiyabwa.

Kenaka anatulutsa foni m'thumba la mkanjo n'kuimbira mwana wawo wamkulu, ife tikumva. "Iwe, anthu ako asanagwetse njerwa ngakhale imodzi, anditsitsire mphero ya agogo ako. Aitsitse ndi manja, asaiponye. Ikakhale pakhonde la sitolo yatsopanoyo, kaya ikugwirizana ndi magalasi ako kaya ayi."

Kanemayo yapita ku Joni dzulo. Ndi yaifupi, ilibe nyimbo, muli mawu a a Yusufu okha akutchula chinthu ndi chinthu. Chigwa chathu chokongola chija chilimo ndithu, koma kumapeto, munthu utadziwa kale kuti kachitsotso kako ndi kati. Alamu tsopano akuuza aliyense kuti nzeru yojambula chapansi ndi yawo. Ndawasiya, bola akufunsa kaye eni malo asanatsegule kachikwama.

Ine nditafika kunyumba ndinaima pabwalo n'kuyang'ana denga langa. Makoma ndimapaka laimu chaka chilichonse, koma pamwamba apo sindikumbuka tsiku limene ndinakwerapo. Pali miyala inayi imene bambo anga anaika, ndipo sindikudziwa komwe anaitenga.

Nanga inu, pa denga panu pali chiyani chimene wina anati atsitsa mawa?