Tinalipira phiri, anationetsa masitolo

Pyeee! Wezulo ameneyo mpaka lero akulirabe m'khutu mwanga. Ndinaponda buleki ngati ndafika pa rodibuloko ya ku Zalewa. M'mbali mwa msewu munaima bambo wa chipewa chachikulu, malaya a khaki, baji pachifuwa, akutikodola kuti tikhotere pabwalo la sitolo. Ndinakhota. Ndani wa kwathu amene amapitirira munthu wa yunifolomu atamuimika?

Inu a ku Lanham, Annandale ndi Fairfax amene mukukonza zotengera alendo anu kumapiri a ku Virginia nyengo ino ya masamba ofiira, imvani zimene anatichita ine ndi agogo anga Loweruka lapitali.

Agogo amenewa ndi amene anandilera makolo anga atamwalira ndili wamng'ono. Kwawo ndi ku Mulanje. Moyo wawo wonse akadzuka, chinthu choyamba kuona chimakhala phiri. Ndinavutika kuti apeze viza, anabwera, akhala nane ku Lanham miyezi ingapo. Pawindo langa chooneka ndi magalimoto oimikidwa ndi mabini a zinyalala basi. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Amunanga, dziko lanuli Mulungu analisita ndi simbi?" Ndinawalonjeza phiri. Ndege yawo inali ya Lachiwiri, ine tchuthi kuntchito chinali chitatha. Loweruka limenelo linali lokhalo.

Anandidzutsa kusanache. Akuti phiri amaliona m'mawa, masana limafunda. Tinafika m'katauni ka m'munsi mwa paki ya boma imene muli phirilo cha m'ma 9 koloko, kumwamba kuli mbee, phiri likuoneka mtengo uliwonse. Kugeti la paki kunali kutangotsala pang'ono. M'pamene wezulo analira.

Bamboyo anawerama pawindo akumwetulira. Akuti tili ndi mwayi kuti watiimika. Akuti Loweruka la nyengo ino magalimoto a anthu wamba amawabweza pageti ngati sanalembetseretu. Akuti msewu wa pamwamba ndi wa okhawo amene ali ndi wowaperekeza. Akuti minibasi yawo ikunyamuka pompano, ndipo yatsala ndi malo awiri okha. Awiri! Ifenso tinali awiri. Mwayi wake taonani.

Ndinayesa kufufuza pafoni, netiweki kunalibe. Nditawamasulira agogo, anavomera ndi mutu.

"Nanga si momwemo? Ngakhale kwathu mlendo sakwera phiri yekha, amatenga mwana wa pamalopo. Usatsutsane ndi a boma, iwe. Uli m'dziko la eni."

Anatsika m'galimoto ndi miyendo yawo yovutayo, n'kumupindira bondo munthuyo, manja awiri pamodzi. "Zikomo bwana." Iye anaseka, akuti agogo anga ndi osangalatsa. Pa zonse zimene zinachitika tsiku limenelo, bondo limenelo ndi limene likundisowetsa tulo.

Madola 95 munthu mmodzi. Ndinalipira.

Ine si wolankhulalankhula, koma maso ndili nawo. M'minibasi munali banja la amwenye, atsikana awiri olankhula Chisipanishi, ndi mkulu wina wa ku Ethiopia ndi mkazi wake. Wobadwira konkuno? Ngakhale mmodzi. Malo awiri otsala aja? Mipando yonse ya kumbuyo inali pululu. Potuluka pabwalopo ndinaona magalimoto a anthu wamba, ena atasenza njinga padenga, akukwera msewu wa kugeti. Sindinaone ngakhale imodzi ikubwerera. Ife tinakhotera kumanzere, n'kuyamba kutsetsereka.

Poyamba anatitsitsa pasitolo ya uchi ndi jamu wa maapozi. Dalaivala akuti kanthawi kochepa chabe. Iye anakakhala kuseri kwa kauntala, akumwa khofi amene sindinamuone akulipira, akucheza ndi mwini sitolo ngati pachibale. Titachoka apo, sitolo ya zimbalangondo zosema. Agogo anatola chimodzi, n'kuchitembenuza, n'kuchibwezera.

"Anyamata a ku Likhubula atasema chonchi, angawathamangitse pamsika."

Kenako anatifikitsa pamalo ena pamene amakugulitsa chidebe cha mchenga kuti usefe, upeze timiyala tonyezimira timene athiramo okha. Atsikana aja anagula. Agogo anandiyang'ana.

"Iwe Limbani, ndinakwera ndege kudzagwira ganyu yosefa mchenga?"

Ndinafunsa dalaivala kuti phiri tikwera liti. Akuti zabwino zimabwera pomaliza. Patapita nthawi ndinafunsanso. Anandisisita paphewa, akuti ndisade nkhawa, ndisangalale. Ndisangalale ndi chiyani, achimwene? Ndi jamu?

Apa n'kuti agogo atasiya kulowa m'masitolo. Amangotsala panja, maso ali kumtunda. Cha m'ma 1 koloko anandigwira mkono.

"Taona uko."

Mtambo unali utakhala pansonga pa phiri, ukutsika pang'onopang'ono, kumeza mitengo mzere ndi mzere.

"Chiperoni icho," anatero. "Basi, lafunda."

Nanga malo oonerapo phiri amene tinalipirira? Anatiimika kuseri kwa malo omwetsera mafuta, pambali pa mabini, mawaya a magetsi akudutsa pamaso pathu. Akuti tijambule. Tijambule chiyani? Mabini ndiye ku Lanham aliko, aulere. Nditafunsa za geti, akuti lero kumtunda kuli nkhungu, n'koopsa, sangatitengereko chifukwa amasamala za moyo wathu. Nkhungu imene taidikirira tokha m'masitolo a anzake!

Anatibweza pabwalo paja 3 koloko itadutsa. Bambo wa wezulo sanaoneke. Ndinawakweza agogo m'galimoto yanga, ulendo wa kugeti. Mayi wa pageti, wa yunifolomu yeniyeni, ananditchulira mtengo wa galimoto yonse. Sunafike ngakhale theka la zimene ndinalipirira munthu mmodzi. Ndinafunsa za kulembetsa. Akuti kulembetsa kwake kuti? Msewu wakhala wotsegula kuyambira m'mawa, aliyense akulowa. Nditatchula za wezulo anangousa moyo. Akuti anthuwo si a paki, bwalolo ndi la anthu omwewo, ndipo ine sindine woyamba.

Tinalowabe. Tinakwera titayatsa magetsi a galimoto, dzuwa lisanalowe n'komwe. Pamalo oimapo oyamba agogo anatsika, n'kugwira kampanda ka miyala, n'kuyang'ana kutsogolo. Kunali koyera ngati khoma lopaka laimu. Chigwa osaoneka, mtengo osaoneka. Anaima pamenepo mpaka duku lawo kunyowa. Kenako anakoka mpweya, n'kunena kuti, "Fungo lake ndi lomwelo." Anabwerera m'galimoto. Sanadandaule. Akanandikalipira, mwina bwenzi mtima wanga utatsikako.

Ndiye abale, mverani. Wezulo si lamulo. Malaya a khaki amagulitsa m'sitolo, chipewa chimodzimodzi. Baji ya bamboyo, nditaiyang'anitsitsa pambuyo pake, inali ndi chithunzi cha chimbalangondo ndi dzina la kampani yake, basi. A paki sakuimikani pabwalo la sitolo. Geti lawo lili pamsewu, pitani mukadzimvere nokha kwa a pagetiwo. Ngati akubwezeni, akubwezeni iwowo. Zofufuza pafoni fufuzirenitu muli kunyumba, kumeneko netiweki imatha pamene mukuifunitsitsa. Ndipo makolo athuwa muziwauziratu. Ulemu umene anatiphunzitsa uja, kuli anthu kuno amene anautsegulira bizinesi.

Inunso akuluakulu a tauni imeneyo, ndikufunseni. Munthu amaima pamsewu wanu n'kumaimika magalimoto ndi wezulo, inu simumumva? A pageti akudziwa, eni masitolo akudziwa, inu nokha ndi amene simukudziwa? Kapena zilibe kanthu bola akuimika ife a Chizungu chopindika, amene sitibweranso kudzadandaula?

Ine ndinabwererako. Potsika ndinaimanso pasitolopo, ndipo ndinamupeza bambo wa wezulo uja akulowetsa chikwangwani chake, chipewa atavula. Popanda chipewa anali kamunthu wamba ka dazi. Ndinamuuza zonse zimene mayi wa pageti ananena. Kukalipa sindinazolowere.

Akuti iye sananene kuti ndi wa boma. Akuti sananene kuti geti n'lotseka, anangoti nthawi zina amabweza. Akuti nyengo sapanga ndi iye. Ndalama sabweza, zinalembedwa pansi pa risiti. Koma poti ndi munthu wabwino, akuti tibwerenso Loweruka likubwerali m'mamawa, adzatichotserako mtengo.

Ndinamulozera galimoto. Ndinamuuza kuti mayi amene ali mmenemo akukwera ndege Lachiwiri, miyendo yawo singapirirenso ulendo ngati umenewu, ndipo kuno sadzabweranso. Ndinamuuza kuti ndalamazo atha kudya. Chimene watenga ndi m'mawa wa lero.

Anasuzumira kugalimoto. Agogo atamuona anakweza dzanja, kumupatsa moni. Iye anakwezanso lake. Kenako analowa m'sitolo, n'kutuluka ndi kakhadi ka chithunzi, kamene amagulitsa kwa alendo. Panali phiri lomwelo, dzuwa likuwala, masamba ali psuu mpaka kuchigwa.

"Aka n'ka agogo," anatero. "N'kaulere."

Anandiikira m'manja, n'kukhoma chitseko, n'kukwera galimoto yake, n'kumapita.