Kumanga kwa a Bonifasiyo

Pamaliro a mayi Mariyana, amene tinawaika m'manda ku Ngauma mvula ya chaka chatha isanayambe, ndinamvanso nkhani ya galimoto ya bambo awo ikukambidwa molakwika, monga yakhala ikukambidwira kuyambira ndili mwana. Amuna amene anakhala pansi pa mtengo wa mango anati bambo awowo, a Bonifasiyo, anali munthu woumira, amene anamanga galimoto yake ndi waya pokana kugula zitsulo zoyenera, ndipo kuti wayayo anamasuka panjira, mwana wawo n'kutaya malo kusukulu. Wina anawonjeza kuti ndiko kunachokera mawu akuti "kumanga kwa a Bonifasiyo", amene kwathu timanenera denga lodontha kapena mtolo wogwa panjinga. Pa zonsezi choona n'chimodzi: mawuwo anachokeradi pamenepo. Zotsalazo n'zolakwika, ndipo ine amene ndinali m'galimotomo tsiku limenelo ndikufuna kuziwongola tsopano, pamene munthu amene zikanamupweteka anagona.

Ndikakumbukira a Bonifasiyo, ndimamva fungo la mphira wotenthedwa pamakala, losakanikirana ndi fungo la fodya wouma m'chigafa chawo, limene linkadutsa mpanda wa udzu umene unkalekanitsa nyumba yawo ndi yathu. Anali mlimi wa chimanga ndi fodya monga bambo anga, wamfupi, wa manja aakulu, wokonda kuimba nyimbo za kutchalitchi ndi mluzu wosalondola. Chimene chinkawasiyanitsa ndi ena ndi kagalimoto koyera kamene anagula kwa mzungu wa sitolo pamene azungu ankabwerera kwawo dziko litalandira ufulu. Analipira ndi fodya wa chaka chathunthu. M'midzi yonse yozungulira munalibe galimoto ina, choncho kagalimotoko kananyamula odwala, akwati, amayi oyembekezera ndi mitembo. Amene anali ndi nkhuku ankapereka nkhuku, ndipo amene analibe ankapereka zikomo.

Galimotoyo inkakoka ndi matayala akutsogolo. Tayala lililonse linkazunguzidwa ndi mtanda wachitsulo, ndipo kumapeto kwa mtandawo kunali mfundo yopindika, imene a Bonifasiyo ankaitcha bondo. Bondolo limavala chovala champhira, chimene amisiri kuno amachitcha fole, chosunga mafuta olimba m'kati ndi kutsekereza dothi kunja. M'zaka zimenezo mafole atsopano sankapezeka, ku Mandimba kapena ku Cuamba, choncho a Bonifasiyo ankapanga okha. Ankadula chubu chakale cha lole, n'kuchisoka ndi ulusi wosolola m'tayala, n'kumata msokowo ndi mphira wosungunula, kenako n'kumanga mbali zonse ziwiri ndi waya amene anatsala pomanga khola la nkhunda. Ankamupota mosathamanga, ndipo nsonga yake ankaigoneka ndi mwala kuti isakole pena paliponse. Loweruka lililonse, amayi akusinja ndipo nkhunda zikulira padenga, tinkangoona miyendo yawo itatulukira kunsi kwa galimoto, mluzu ukumveka pansipo.

"Mchenga sunena odi," ankatero wina akawafunsa chimene akufuna pansipo pomwe galimoto ikuyenda bwino.

Mariyana anali mwana wawo woyamba, mtsikana wanzeru ndi wa lilime lakuthwa, amene ankandiposa ndi zaka zingapo. Iye yekha m'dera lathu ndi amene anasankhidwa kukaphunzira uphunzitsi ku Nampula. Anayenera kukakwera sitima ku Cuamba, imene kuno timati komboyo, ndipo anali atauzidwa momveka kuti wofika mochedwa malo ake adzapatsidwa kwa wina. Mudzi wonse unkadziwa tsiku la komboyoyo.

Loweruka lina ulendowo utayandikira, Mariyana ankapeta chimanga pakhonde, bambo ake ali pansi pa galimoto monga mwa chizolowezi.

"Ababa," anatero, "ndiye aphunzitsi akafike pa siteshoni ya ku Cuamba pa galimoto yomangidwa ngati khola la nkhunda?"

"Nkhunda zimafika kumene zikupita, mayi," anayankha ali pansipo.

"Zimafika chifukwa zili ndi mapiko. Yanuyi ili ndi waya."

"Kodi aphunzitsi amayamba ndi kuphunzitsa bambo awo?"

"Amayamba ndi amene ali kumbuyo kwambiri m'kalasi."

Mayi ake anati onse awiri anali ndi kamwa limodzi, ndipo aliyense anaseka, ngakhale amayi anga kuseri kwa mpanda. A Bonifasiyo anaseka kuposa onse. Koma atatuluka pansipo ananyonyomala pafupi ndi tayala kwa nthawi yaitali, akuyang'ana waya wawoyo ngati akumuona koyamba.

Lolemba anapalasa njinga kupita ku Mandimba atamangirira tambala kumbuyo, ndipo anabwera opanda tambala. Masiku amenewo sindinkapita kusukulu chifukwa cha dzino lakumbuyo limene linanditupitsa tsaya, kotero ndinkakhala padzuwa patsinde pa mpanda, nditagwira kansalu ka mchere wofunda. Mariyana ndi mayi ake atapita kumtsinje, a Bonifasiyo anatulutsa m'thumba timalamba tinayi tachitsulo, tonyezimira ngati ndalama zatsopano, kalikonse kali ndi mutu wa sikulufu wotumphuka. Anati dzina lake ndi mabarasadera. Anadula waya yense amene anagwira mafolewo kwa zaka popanda kumasuka, n'kuika zonyezimirazo, n'kuzipukuta ndi malaya awo.

"Iwe Anselimu," anandiitana, "usamuuze mlongo wako Mariyana. Ndikamuonetsa pa siteshoni pomwepo, anthu akuona. Ndikamuuze kuti, aphunzitsi, weramani muone khola lanu."

Ndinadziwa patapita zaka kuti timalamba ta mtundu umenewo timapangidwira mapaipi a madzi a injini, amene sazungulira. A Bonifasiyo sankadziwa zimenezo, ndipo wogulitsayo mwina sanafunse. Masiku otsatira galimoto inanyamula nkhuni ndi matumba a chimanga opita kuchigayo, ndipo pokhota pankamveka kaphokoso, ngati munthu akugogoda mbale ndi chikhadabo. Bambo anga anawafunsa za phokosolo.

"Zatsopano zimalankhula, achimwene," anayankha. "Zikuzolowerana."

Tsiku la ulendo amayi anga anapempha kuti nane ndikwere, akandizule dzino kuchipatala ku Cuamba. Tinanyamuka mame asanaume. Mariyana anakhala kutsogolo atavala nsalu yatsopano, mtedza wokazinga uli pamiyendo, ndipo ine ndinakhala kumbuyo nditapanikizidwa ndi sutikesi yake yachitsulo. Amayi a m'mudzi anatiperekeza ndi nthungululu mpaka pa msewu. Kunali chilimwe, msewu unali mchenga wokhawokha, ndipo fumbi lofiira linkalowa m'mabowo a pansi pa mipando n'kutikhala m'mano. Phokoso lija linakula, poyamba pokhota pokha, kenako ndi powongoka pomwe. A Bonifasiyo analeka kuimba mluzu. Tisanafike ku Mandimba, pa chitunda china cha mchenga wakuya, pansi pa galimoto panamveka kuthyoka, ndipo injini inapitiriza kubangula pamene matayala anali ataima.

Analowa pansi pa galimoto ndipo anachedwa kutuluka. Atatuluka, dzanja lawo linali lakuda ndi mafuta amene ankachita khwekhwerekhwe ndi mchenga pakati pa zala.

"Bondo lathyoka," anatero.

Mariyana anali ataima pamsewu, atafumbata mtedza wake. Sanawerame kuti aone.

"Ndi waya uja, ababa?"

A Bonifasiyo anapukuta dzanja paudzu, chala chimodzichimodzi.

"Ndi waya, mayi."

Mariyana sanalire. Posakhalitsa panadutsa munthu wa njinga, amene anavomera kumukweza kupita ku Mandimba kuti akafune lole yopita ku Cuamba. Anatenga zovala zochepa m'sutikesi, anazimanga munsalu, n'kukwera osacheuka.

Njingayo itazimiririka, a Bonifasiyo analowanso pansi ali ndi mpeni, ndipo ndi nsonga yake anamasula mabarasadera onse. Kamodzi kanali katapindika, mutu wake utaphwanyika mbali imodzi. Mutuwo unkamenya chitsulo chogwira tayala nthawi zonse galimoto ikakhota, mpaka kalambako kanasuntha n'kucheka mphira, mafuta n'kutha kumwazika, mchenga n'kudya bondo limene linali lokalamba kale. Anatenga waya pansi pa mpando, n'kumanganso fole long'ambikalo, koma momasuka, mosiyana ndi kamangidwe kawo konse, kuti amene adzabwere kudzakankha galimoto aone waya. Mabarasadera aja anawaponya kutali m'tchire.

"Koma bambo," ndinatero, "si waya."

"Dzino likukupweteka, eti?"

"Inde."

"Munthu wa dzino satsegula pakamwa. Mphepo imalowa." Anakhala pansi pafupi nane mumthunzi wa galimoto. "Mlongo wako ankangoseka nane tsiku lija. Akadziwa kuti ndinachotsa waya chifukwa cha mawu ake, adzaopa kamwa lake mpaka imfa. Ine ndakula. Anthu anene kuti ndine woumira."

Ku Mandimba kunalibe lole tsiku limenelo. Mariyana anafika ku Cuamba komboyo itapita, anadikira yotsatira, ndipo atafika ku Nampula anapeza malo ake atapatsidwa kwa wina. Anabwerera ndi kamtolo kake komweko. Sanalankhule ndi bambo ake mpaka nthawi yokolola, ndipo pamene anayambanso kulankhula nawo, nthabwala zija sizinabwerere. Galimoto inakankhidwa kubwerera kumudzi ndi anyamata amene onse anawerama, n'kuona waya, n'kugwedeza mitu. Bondo lina silinapezeke. Nkhuku zinaikira mazira pamipando mpaka nkhondo inafika, tonse n'kuthawira ku Malawi, kumene a Bonifasiyo anamwalira. Mariyana ndiye anawadwazika, ndipo anachita zimenezo mokhulupirika. Titabwerera kwathu anagulitsa tomato ndi nsomba zouma pamsika wa Mandimba, ndipo palibe amene ankamuposa kuwerengera ndi mutu. Munthu akamufunsa chifukwa chimene sanakhale mphunzitsi, ankangoti, "Bambo anga anandimanga ndi waya."

Lero ndimakhala ku Cuamba, ndinapuma ntchito, ndipo nane ndili ndi galimoto yokalamba. Mwezi watha fole lake linang'ambika. Mmisiri wa pa galaja anandionetsa mabarasadera amitundu iwiri, a mutu wa sikulufu ndi ena athyathyathya opana ndi chopanira, n'kundifunsa kuti aike ati. Ndinasankha athyathyathya. Atamaliza ndinamuuza kuti akhotetse tayala mbali zonse ziwiri n'kulizunguza ndi manja, ine nditagwada pa katoni kuti ndione ngati palibe chikukhudza.

"Madala, simukundikhulupirira?" anafunsa.

"Ndikukukhulupirira, mwana wanga. Koma mchenga sunena odi."

Sindidziwa ngati a Bonifasiyo anasankha bwino. Anamuteteza mwana wawo ku mawu ake, koma mwanayo wapita kumanda akukhulupirira kuti bambo ake anaumira zitsulo pa tsiku lalikulu la moyo wake, osadziwa kuti anazigula n'kuzipukuta ndi malaya awo pofuna kukamudabwitsa pa siteshoni. Kwa amene adzakambenso nkhaniyi pansi pa mtengo wa mango, mtengo wa ulendo umenewo unali uwu:

Tambala mmodzi, wosinthanitsa ndi mabarasadera anayi.

Thumba la chimanga, logulira mafuta a galimoto amene sanathe.

Nkhuku ziwiri, za anyamata amene anakankha.

Dzino langa, limene amalume anazula kumudzi ndi ulusi.

Galimoto yokhayo ya m'dera lathu.

Malo a Mariyana kusukulu ya aphunzitsi.

Dzina la a Bonifasiyo.

Waya sanagulidwe. Anali wotsala pa khola la nkhunda, ndipo pa zaka zonse zimene anamanga mafole aja sanamasukepo.